Kodi munthu amafika bwanji pomenyera lamba wa nkhonya wa dziko lonse ku lightweight?

Nkhonya265:
Akuluakulu tandithandizeni, ku lightweight kuja (malire ake ndi 61.2 kg) amasankha bwanji oti amenye ndi champiyoni? Ndimaona wina wawina ndewu zoposa 20 osagonjako koma lamba sakumununkhiza n'komwe, pomwe wina ndewu zochepa chabe ali kale pa TV.

Wa_ku_Ndirande:
Aise kuwina kokha sikokwanira, nkhani ndi yoti wamenya ndani. Mabungwe akuluakulu alipo 4, WBA, WBC, IBF ndi WBO, lililonse lili ndi mndandanda wake ndipo umayenera kulowa mu top 15, ukakwera amakupatsa ndewu ya eliminator (yopezera woti amenye ndi champiyoni), ukawina imeneyo ndiwe mandatory basi champiyoni amenye nawe kapena asiye lamba. George Kambosos wa ku Australia anadzera momwemu, anawina Mickey Bey mu 2019, kenako Lee Selby ku London mu 2020, mu November 2021 n'kukalanda malamba kwa Teofimo Lopez ku New York anthu onse akumuderera. Anamugwetsa Lopez raundi yoyamba yomwe!

MaiTiya:
Zoona achimwene koma mwaiwala ndalama. Popanda pulomota wamphamvu mndandanda umenewo uzingouwerenga pa foni. Kukwera kwake umayamba ndi timalamba ting'onoting'ono ta Intercontinental ndi tinzake, ndipo bungwe limadulapo yake pa ndewu iliyonse ya lamba. Devin Haney lamba wa WBC anamupatsa mu 2019 osamenyera tsiku limenelo, anangomukweza bungwelo litasunthira Vasiliy Lomachenko, yemwe anali ndi lambayo, pa udindo wina, mpaka anthu ankamuseka kuti champiyoni wa pa imelo kkkk. Ngakhale anadzawatseka pakamwa atathidzimula Kambosos kwawo komwe ku Australia, mumzinda wa Melbourne, mu 2022.

Nkhonya265:
Nanga wa ku Africa kuno ali ndi mwayi?

Wa_ku_Ndirande:
Ulipo koma njira yake ndi yaminga. Richard Commey wa ku Ghana anayamba watenga lamba wa Commonwealth, mu 2016 anagonja movutikira kwa Robert Easter, majaji anagawanika, iye sanafooke anakwerabe mpaka kutenga wa IBF mu 2019. Chaka chomwecho Lopez anamumaliza raundi yachiwiri. Chovuta n'choti ndewu zikuluzikulu zimakhala kwa eni ake, ku America kapena ku UK, ndiye ukasiyira majaji umakhala wadziika pachiswe. Wathu Isaac Chilemba, ngakhale kuti iye anali wa gulu lolemera kuposa lightweight, anachita kusamukira ku Joni kuti aoneke, ndipo champiyoni wa ku Russia Sergey Kovalev anakamenya naye ku Russia komweko mu 2016.