Jezi yosayinidwa ndi wosewera, yeniyeni mumaidziwa bwanji?

Akuluakulu ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi ka bala kanga ku Chirimba komwe anthu amaonerako mpira, ndiye ndikufuna ndikhomeko majezi osayinidwa pakhoma. Pali mkulu wina pa WhatsApp akuti ali ndi awiri, achimwene ake anabweretsa kuchokera ku Johannesburg. Ina ndi ya Orlando Pirates akuti anasayina Gabadinho Mhango, inayo ya Chelsea ya Drogba, ati ndi ya fainolo ya Champions League ya 2012 ija ndipo ili ndi pepala lake la COA, lotsimikizira kuti siginechayo ndi yeniyeni. Onse awiri akuti K400,000 koma ndiyambe ndatumiza theka pa Airtel Money chifukwa ati pali winanso akuwafuna. Pa zithunzi jezi ya Chelsea ili ndi chizindikiro cha Nike, siginecha ili pansi pa nambala 11, yakuda bii. Ndigule kapena?

Wa ku Ndirande: Achimwene imani kaye. Mu 2012 pomwe Chelsea imagonjetsa Bayern ku Munich inkavala Adidas, pachifuwa Samsung. Nike inabwera mu 2017 Drogba atachoka kalekale. Ndiye fainolo yake iti imeneyo? Akakunamizani pa imodzi inayo musaikhulupirirenso.

Mwini funso: Eeeh izi sindinaziganizire. Koma nanga pepala lija?

Wa ku Namiwawa: Pepala lisakunyengeni bambo, aliyense atha kukapulintitsa ku Limbe kuja n'kudindapo chidindo chake. COA imakhala ya ntchito ikachokera ku makampani odziwika oyeza masiginecha, ngati PSA, Beckett kapena JSA a ku America. Amenewa amamata kasitika kokhala ndi nambala pa katunduyo, nambala yomweyo mumakailemba pa webusaiti yawo ndipo imakuuzani kuti anasayina ndani, pa chinthu chanji. Muuzeni ajambule kasitikako pafupi nambala izioneka. Akayamba zoti netiweki ikuvuta mwadziwa kale. Ndipo ngakhale nambala itapezeka onetsetsani kuti ikunena jezi, osati chithunzi kapena mpira, akuba amakopera manambala a zinthu zina.

Wa ku Bangwe: Kkkkk Drogba wa pa kaunjika

Mayi wa ku Chilomoni: Ine ndimagulitsa zovala ndiye za siginecha sindiyankhako, koma jezi yeniyeniyo muione mkati. Ya Adidas kapena Nike imakhala ndi kalebulo kakang'ono kokhala ndi kodi, mukailemba pa Google pamayenera kutuluka jezi yomweyo, mtundu womwewo. Mafeki ambiri kodi yake imatulutsa nsapato kapena jezi ya timu ina. Muonenso ulusi kuseri kwa baji, yabodza imakhala nyankhalala.

Wa ku Namiwawa: Zoona mayi. Komanso muigwire m'manja musanalipire. Inki ya maka imalowa mu nsalu, pena imathina pena imazilala pomwe dzanja linathamanga, mukatembenuza mkati mumaona yadutsa pang'ono. Yopulinta imakhala yofanana paliponse ndipo imamveka ngati pulasitiki mukaisisita. Koma izi zimangokuuzani kuti panadutsa dzanja la munthu, osati kuti dzanjalo ndi la ndani.

Wa ku Zingwangwa: Ine chomwe sindikumvetsa n'choti mukuvutikiranji ndi siginecha ya Gaba kudzera mwa munthu wachitatu. Mwana wathu yemwe uyu, wachokera ku Bullets konkuno. Anyamata a Flames, Bullets ndi Manoma timakumana nawo pa Kamuzu Stadium, mukagula jezi yanu n'kutenga maka yosafufutika mukapempha mwaulemu akamaliza masewero ambiri sakana, wina n'kukujambulani vidiyo akusayina, umboni woposa pamenepo kulibe. Anthu a pa bala panu angasangalale ndi ya Flames kuposa ya Pirates, chigoli chija Gaba anachinya Morocco ali kutali ku Cameroon mu 2022 mpaka lero anthu amachikamba.

Wa ku Machinjiri: Mukaipeza musaichape, ndipo isayang'ane dzuwa la pa windo, inki imazilala. Ikani mu fulemu ya galasi mwinamwake oledzera aigwiragwira ndi manja a kanyenya.

Mwini funso: Mkulu wa majezi uja ndamufunsa za kasitika kaja ndi zoti tikumane ku Chichiri ndizione ndekha, wawerenga koma sanayankhe, pano last seen wachotsa. Wa ku Zingwangwa ndilowereni ku inbox, maka yake mumagula shopu iti mtauni muno?