Nkhuku ya msuzi wa mkaka ikumandichitira mibulu, ndikulakwitsa pati?

MakeAtatu wa ku Area 25:

Moni nonse. Ndithandizeni abale, ndawononga kale nkhuku ziwiri, ndipo mukudziwa nokha mmene nkhuku yakwerera mtengo.

Pa Khirisimasi alamu anga okhala ku Johannesburg anatiphikira nkhuku ya msuzi woyera, wokhuthala bwino, muli karoti, zitheba, nsawawa ndi mbatatesi. Tinadyera mpunga wa Kilombero, ana mpaka kunyambita mbale. Iwo anathira fresh cream wa m'kabotolo amene anakagula m'tauni. Ine mumtima ndinati aa, si mkaka basi umenewu? Ndichita ndekha.

Ulendo woyamba ndinakazinga nkhuku yachikuda ndi anyezi ndi matimati anayi akupsa bwino, n'kuthira madzi. Itafewa ndinakhuthulira mkaka wa m'paketi theka la lita, poto ali kubwata pa mbaula. Sipanathe ndi mphindi ziwiri zomwe. Msuzi unasanduka madzi achikasu, pamwamba pakuyandama timibulu toyera ngati chambiko chokhalitsa. Bambo a kunyumba anangosuzumira m'mbale n'kufunsa ngati nkhukuyo inafa ndi chitopa. Kachiwiri ndinayesa mkaka waufa. Mibulu inachepa, koma msuzi unali tsululu, pansi pa poto panapserera, mbatatesi zinaphwanyika zonse, zitheba zinafwifwa.

Apongozi akubwera Loweruka kuchokera ku Ntcheu ndipo ndikudziwa kuti anyamula mbatatesi ndi karoti za pa Tsangano. Cream sindikwanitsa. Pali njira yoti mkaka wamba ugwire?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:

Amayi, musadandaule. Nkhuku sinalakwe, mkakanso sunalakwe. Zakupwetekani ndi ziwiri, matimati ndi moto. Matimati ndi owawasa, ndipo mkaka ukakumana ndi chowawasa pa moto waukali umagawikana, zolimba pazokha, madzi pawokha. Chambiko chimapangikanso choncho, kungoti kumeneko kuwawasa kumabwera pang'onopang'ono. Cream wa alamu anu anapirira chifukwa ndi wa mafuta ambiri, pamene mkaka wamba uli ndi mafuta ochepa, magawo atatu kapena anayi okha pa 100 alionse.

Ndiye matimati asiyeni. Ndikudziwa kuti kwathu kuno ndiwo yopanda tomato imaoneka ngati munthu sanaphike, koma limbani mtima.

Nkhuku yachikuda iwiritseni payokha ndi mchere, anyezi mmodzi ndi adyo, ola ndi theka kapena kuposa ngati ili tambala wokalamba, mpaka foloko izilowa pa ntchafu mosavuta. Msuzi wakewo ndiye chuma chanu, musataye, ndipo khosi ndi mapazi zikhalemo chifukwa ndi zimene zimaukometsa. Mu poto wina sungunulani majarini masupuni awiri akuluakulu, kazingani anyezi angofewa, asafiire. Wazani fulawa masupuni awiri, takasani kwa mphindi ziwiri kuti kafungo ka ufa wosapsa kachoke. Tsopano yambani kuthira msuzi wa nkhuku uja, kapu imodzi, takasani, kapu ina, takasani, monga muchitira pokonza phala la mwana. Mukathira wonse nthawi imodzi mupeza mibulu ina, ya fulawa. Fulawayu akugwira ntchito ziwiri: akukhuthalitsa msuzi, komanso akuteteza mkaka kuti usagawikane.

Zamasamba sizilowa limodzi ngati anthu okwera minibasi. Mbatatesi ndi karoti ziyambe, muzidule zikuluzikulu. Zikatsala pang'ono kupsa ikani zitheba ndi nkhuku ija, nsawawa pomaliza penipeni kuti zisataye kubiriwira. Mkaka kapu imodzi yakwana, theka la lita munachulutsa. Ufunditseni kaye, musauchotse mufiriji n'kuuponya m'poto wotentha. Pa mbaula phulani makala ena kapena wazani phulusa pamwamba pa moto, msuzi uzingonjenjemera, usabwate. Thirani mkaka, takasani modekha mphindi zitatu, lawani mchere, phulani. Poto akhale wa pansi pokhuthala. Timapoto topyapyala ta pamsika tija n'timene tinakupserezerani.

Agogo a ku Mchinji:

Ana inu mumandiseketsa. Mukuvutika ndi mkaka chonsecho nsinjiro zili m'nyumba? Ife msuzi wokhuthala tinayamba kudya kalekale tisanaone paketi ya mkaka. Ambiri amaganiza kuti kutendera n'kwa nkhwani ndi mpiru basi, koma nkhuku yotendera, mwanawe, ukaidya umaiwala kuti uli ndi ngongole.

Tenga mtedza wabwino, ine ndimakonda Chalimbana. Sankha bwino, wachuku ndi wofota utaye, umenewo ndi poizoni wa chiwindi. Sinja mumtondo, sefa. Nkhuku ikafewa sungunula nsinjiro kapu imodzi m'madzi ozizira, thira, takasa ndi mthiko kuti zisakhale pansi. Ndipo mvetsa apa: zimene akuuza aphunzitsiwo zoti usabwatitse ndi za mkaka. Nsinjiro zimafuna kubwata ndithu, moto wapakati, mpaka timafuta tiyambe kuoneka pamwamba. Ukaphula msanga zimanunkha uwisi ndipo alendo ako adzagona akudandaula m'mimba. Tomato wako thira momwe ufunira, nsinjiro siziopa tomato. Kambuzi mmodzi wathunthu, osamuphwanya, angosiya fungo.

Komanso taganiza, munthu wa ku Ntcheu wayenda ulendo wonsewo, ukamupatse mpunga ndi msuzi wa mkaka? Adzathokoza, koma pofika kwawo adzati sanadye. Apongozi amafuna nsima, ndipo msuzi wa mkaka pa nsima sumveka.

Mtsikana wa ku Nottingham:

Agogo mwanena zoona za nsimazo, ndinayesapo, zinali ngati ndikudya phala ndi phala linzake.

Asisi, kungowonjezera pa za aphunzitsi, musaganize kuti cream aliyense sagawikana. Kuno ku England timagula wa mitundu iwiri, single cream wa mafuta 18 pa 100 ndi double cream wa 48 pa 100. Woyambayo ukamubwatitsa amachita mibulu ngati mkaka womwewo, ndinalira naye chaka changa choyamba. Double yekha ndiye amapirira moto. China, mukagwiritsa ntchito nkhuku yachizungu m'malo mwa yachikuda, chepetsani nthawi kwambiri, theka la ola yapsa, mukapitiriza imangoyoyoka n'kusiya mafupa. Koma msuzi wake ndi wosakoma, n'chifukwa chake ife kuno timakwera basi kukafuna imene amaitcha hard chicken m'mashopu a anthu a ku Africa.

Zotsala musazisiye pa mbaula usiku wonse. Ndiwo ya mkaka imasasa msanga, makamaka nyengo yotentha ya mu Okutobala. Ngati magetsi sakudalirika phikani yoti ithe tsiku lomwelo.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:

Agogo, za nsinjiro sinditsutsa, inenso ndinakulira zomwezo. Koma mayiwa afunsa za chakudya chimene anadya pa Khirisimasi, ndipo chimenecho ndi china. Kukoma kwake n'kofatsa, karoti amamveka kutsekemera kwake, pamene mtedza umalamulira poto yense.

MakeAtatu wa ku Area 25:

Ndabweranso kudzathokoza. Nkhuku inali tambala wamkulu ndiye ndinamugawa pawiri. Ntchafu, msana, nthutumba ndi chiwindi ndinatendera monga ananenera agogo, chidale ndi mapiko ndinaphikira mkaka.

Aphunzitsi, njira yanu yagwira. Manja amanjenjemera pothira mkaka, ndinachita kuphula poto n'kumuika pansi pa simenti, kuthira, kenako kumubwezera pa makala atatu okha. Palibe m'bulu ngakhale umodzi. Ndinalakwitsa pamodzi pokha: ndinaona ngati fulawa wachepa n'kuwonjezera supuni yachitatu, ndiye msuzi utazizira unalimba moti supuni imaima yokha. Ndinausungunula ndi msuzi wa nkhuku umene unatsala.

Apongozi anayamba ndi nsima ndi yotendera, osayankhula, kumangonyema mbamu. Atatha ndinawapatsa kambale kakang'ono ka mpunga ndi yoyera ija kuti alawe. Anaiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Tomato anakutherani? Mukanandiuza ndikanagula pa Lizulu." Koma anamaliza, ndipo karoti anachita kumutola mmodzimmodzi m'mbale ya mdzukulu wawo, ati akufuna amve ngati ali wa m'thumba lawo lija. Nthutumba ndinawasungira iwo, bambo a kunyumba mpaka lero akundiyang'ana m'mbali.

Agogo, nsinjiro zanditsalira pafupifupi kapu ndi theka. Zingakhale masiku angati m'botolo zisanayambe kununkha mafuta?