Za phwando la Khirisimasi lija, umu ndi momwe zinayendera

Mwezi watha ndinafunsa momwe ndingalandirire abale 14 pa Khirisimasi kwathu kuno ku Mchinji popanda kudzitopetsa, komanso momwe ndingakongoletsere tebulo ndalama zili zochepa. Zikomo nonse amene munandithandiza maganizo.

Langizo loti aliyense abwere ndi chake ndi limene linandipepukitsira ntchito. Azakhali anafika kuchokera ku Kamwendo ndi chigubu cha thobwa, alamu anabweretsa nkhuku ziwiri zachikuda, ine ndinangophika mpunga wa Kilombero, nsima ndi nkhwani wotendera.

Koma tebulo ndiye linandikhudza mtima. Nsalu yogula ndinaisiya, ndinayala chitenje chofiira cha amayi chomwe chinakhalitsa m'sutikesi. Pakati ndinaika lichero lodzaza ndi mango, m'mbali mwake masamba a mtengo womwewo omwe ana anatsuka m'mamawa. Makandulo tinawazika m'mabotolo a Fanta. Amayi atalowa anaima kaye, n'kugwira m'mphepete mwa chitenjecho. "Mwana wanga, ichitu ndinavala tsiku la ubatizo wako." Misozi inalengeza m'maso mwanga, sindinayankhe kanthu.

Chimene sindinachiganizire ndi mvula, chonsecho pa 25 December dzinja limakhala lili mkati. Ana tinawayalira mikeka pansi pa mango, ndiye cha m'ma 2 koloko inangoti wa! Tonse tinapanikizana pakhonde, mbale zili m'manja, agogo akusimba za Khirisimasi ya kale mpaka mdima unagwa. Makandulo aja tinawayatsira pomwepo.