Ana anga akukakamira rima, ndiyambire pati?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndimaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Ulongwe ku Angónia, m'dziko la Mozambique, ndipo sabata yamawa ndiyamba mutu wa ndakatulo. Ana amadziwa kale verso (mzere), estrofe (ndime) ndi rima (kufanana kwa kamvekedwe ka mawu otsiriza mizere) za m'Chipwitikizi. Vuto labwera nditati ayese m'Chichewa. Mnyamata wina wandilembera kuti: "Ndinapita kumunda kukalima, pobwera ndinadya nsima, kenako moto unazima." Nditafunsa za motowo, akuti umangofunika kuti mawu agwirizane! Kodi woyamba kumene mumamuphunzitsa chiyani?

Nabanda, Tsangano: Aphunzitsi, mwanayo sanalakwe. Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a, ndiye rima kwathu ndi yotchipa ngati mbatata nthawi yokumba. Yambirani pakhutu. Muwafunse nyimbo zimene amayi awo amaimba pamtondo. Mmenemo muli zonse: kubwereza mzere, wina kutsogolera ena kuvomera, ndi mawu opinda osinjirira apongozi popanda kuwatchula. Akaimba, lembani pabolodi, mzere uliwonse uthere pomwe woimba wapumira. Akaona okha kuti mzere ndi mpweya umodzi, ndime ndi mfundo imodzi, zinazo siziwavuta.

Jere, Moatize: Zoona amayi, koma mayeso adzabwera m'Chipwitikizi. Asaiwale kuti ndime ya mizere 4 ndi quadra, ndipo ndakatulo yotchedwa soneto ili ndi mizere 14.

Nabanda: Achimwene, mayinawo sindinawakane. Ndangoti abwere pambuyo. Ngakhale mlakatuli wa kuno ku Mozambique José Craveirinha, amene analandira mphotho ya Camões mu 1991, ndakatulo zake zambiri zilibe rima.

Phiri, Furancungo: Ine ndionjezepo mvekero, chuma chimene ana amachitaya poyesa kuti n'chakumudzi. Asalembe kuti "kunali mdima waukulu", alembe "kunali bii". Madzi ali mbee, mudzi uli zii, thumba lagwa kuti khu. Kenako kufanizira: "agogo ndi olimba ngati mlambe" ndi njira ina, "agogo ndi mlambe" ndi inanso, yamphamvu kuposa yoyambayo. Muwaletse kaye duwa ndi mwezi, zatopetsa. Alembe za chimene achiona m'mawa womwewo, kaya ndi njinga yonyamula matumba a mbatata kupita ku Calómuè, kumalire ndi Malawi.

Mwini funso: Zikomo nonse. Lolemba aliyense abwera ndi nyimbo imodzi yochokera kwa agogo ake. Nanga za Gule Wamkulu ndingazilole? Theka la kalasi limazidziwa pamtima.

Phiri: Zoimbidwa pabwalo pomwe amayi amaomba m'manja, palibe mlandu. Zakudambwe musayerekeze aphunzitsi, mungaitanidwe kwa amfumu.