Ndisankhe nyali yotani yolimira mtengo umodzi wa chamba m'nyumba kuno ku Johannesburg?

Wa ku Nkhotakota analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimakhala kuno ku Johannesburg m'nyumba ya lendi, ndipo popeza malamulo a dziko lino amalola munthu wamkulu kulima chamba chogwiritsa ntchito yekha pakhomo pake, ndaganiza zoyesa mtengo umodzi wokha. Eni nyumba ndinawafotokozera ndipo avomera, koma panja pali konkire yokhayokha ndiponso pamasewera ana a anthu ena, choncho ndinagula tenti yaing'ono ya masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi ndi 140 m'mwamba, n'kuiika pakona ya chipinda changa.

Mbande yanga ili ndi masabata awiri pansi pa babu wamba wa m'nyumba. Yakula mowonda ngati ulusi, ili ndi timasamba tinayi tokha, ndipo dzulo ndinaipeza itagona, moti ndaichirikiza ndi kamtengo kotokosera m'mano. Pa intaneti ndikuona nyali ya LED yowala mtundu wa pepo yolembedwa 1000W pamtengo wotsika, pamene ina yoyera yolembedwa 100W yokha ndi yodula kuposa imeneyo. Mnzanga wa kuntchito nayenso akufuna kundigulitsa nyali yake yakale ya 400W ya mtundu wa HPS, zija zokhala ndi mpweya wa sodiyamu mkati. Ndikupempha amene akudziwa andithandize, chifukwa magetsi ndimagula ndekha mayunitsi ndipo sindikufuna kutaya ndalama kawiri.

Mmisiri wa magetsi ku Germiston analemba kuti:

Achimwene, mbande yanuyo sikudwala, koma ikusakasaka kuwala, ndipo n'chifukwa chake ikuthamangira m'mwamba m'malo monenepa. Mukadzaiika mumphika waukulu mudzakwirire tsinde lowondalo ndi dothi mpaka pafupi ndi masamba oyamba, idzalimba.

Za nyali ya 1000W ija ndikuchenjezeni mwamphamvu. Nambala yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni nthawi zambiri si mphamvu imene nyaliyo imakoka pa soketi, ndi dzina la malonda chabe. Ine ndinayezapo ina yotero ndi mita yanga kunyumba kwa munthu amene anandiitana kudzakonza mawaya, ndipo inkakoka mawatsi ochepera 150, mwini wake akukhulupirira kuti ali ndi dzuwa m'chipinda. Musanagule nyali iliyonse, werengani pamene alemba mphamvu yeniyeni imene imakoka, ndipo ngati wogulitsa sanalembe zimenezo kapena akuzemba funso lanu, isiyeni. Kuwala kwa pepo kulinso ndi vuto lake kwa munthu wongoyamba, chifukwa pansi pake masamba onse amaoneka akuda, moti simungaone msanga kuti ayamba chikasu kapena kuti agwidwa ndi tizilombo.

Tenti yanuyo ndi malo okwana masikweya mita 0.36 okha, ndipo pamalo otere nyali yoyera ya LED yokoka mawatsi enieni 100 mpaka 120 ndi yokwanira kuyambira pa mbande mpaka pokolola. Sankhani yamtundu wa bolodi lathyathyathya, yowala pa 3000K kapena 3500K (nambala zosonyeza kuwala koyera kopendekera ku chikasu), popeza kuwala kumeneko kumagwira ntchito pa nthawi ya masamba ndi ya maluwa yomwe, ndipo simudzafunika kusintha nyali pakatikati. Chinthu chimene sindingagonje nacho ndi kabatani kochepetsera kuwala. Mbande imafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kumene mtengo wa maluwa umafuna. M'ziwerengero za PPFD, muyeso wa kuwala kofika pa masamba, zimene ogulitsa abwino amaonetsa pa tchati, mbande imakhutira ndi 200 mpaka 300, nthawi ya masamba 400 mpaka 600, ndipo ya maluwa 600 mpaka 900. Mukakhala ndi kabatani kameneka mumayamba motsitsa, nyali ili masentimita 50 kapena 60 pamwamba pa mbande, n'kumawonjezera kuwalako pang'onopang'ono mlungu uliwonse, m'malo molimbana ndi zingwe m'tenti imene ndi yaifupi kale. Masamba apamwamba akayamba kupindika m'mbali ngati bwato kapena kuyera kunsonga, dziwani kuti mwapyola muyeso.

Pa mayunitsi masamu ake ndi osavuta. Nyali ya mawatsi 100 yoyaka maola 18 pa tsiku imadya mayunitsi 1.8, kutanthauza 54 pa mwezi, ndipo mukasinthira ku maola 12 kuti mtengo uyambe maluwa imatsikira pa 36. Ya mnzanuyo ya 400W ingadye 144 pa mwezi pa maola 12 okha, tisanawerengere ballast yake, kabokosi koyendetsa magetsi a nyaliyo, ndi fani yaikulu imene mungafunike kuti ichotse kutentha.

Mayi wa ku Cape Town analemba kuti:

Ndikugwirizana ndi a mmisiri kuti 400W ya HPS m'tenti ya masentimita 60 ndi ng'anjo, ndipo ikhoza kuwaula mtengo ngakhale kuyatsa moto m'chipinda chimene inu mumagonamo. Komabe sindikufuna kuti tiinyoze HPS ngati chinthu chopanda ntchito, chifukwa anthu akhala akukolola nayo bwino kwa zaka zambiri LED isanatchuke, ndipo kutentha kwake kumathandiza m'nyengo yozizira. Inu muli ku Johannesburg kumene usiku wa mwezi wa June ndi July umazizira mpaka madzi kuundana panja, ndipo LED simatenthetsa tenti mokwanira. Chamba chimakula bwino pakati pa madigiri 20 ndi 28, ndipo kukazizira kwambiri chimangoima osakula, mwini wake n'kumaganiza kuti vuto ndi feteleza. Ine m'nyengo yozizira ndimayatsa nyali usiku n'kuizimitsa masana, kuti maola a mdima agwere pa nthawi imene nyumba ili yofunda, ndipo mphika ndimauika pa thabwa, osati pasimenti. Njira imeneyi imafuna kuti tenti itsekeke bwinobwino masana, nkhani imene ndikukhulupirira kuti ena aifotokoza.

Mlimi wopuma ku Pretoria analemba kuti:

Mwana wanga, simunatiuze mtundu wa mbewu imene mwabzala, ndipo yankho la nyali limadalira pamenepo. Ndikuona dzina mwalemba kuti ndinu wa ku Nkhotakota, ndiye ndikuopa kuti mwina mtima ukukukokerani ku chamba chakwathu chimene azungu amachitcha Malawi Gold. Mtundu umenewo ndi wa sativa, umatalika kuposa munthu, umapitiriza kukula ngakhale utayamba maluwa, ndipo umatenga miyezi itatu kapena kuposerapo kuti ukhwime. Unazolowera dzuwa lamphamvu la dziko limene usana wake susiyana kwambiri ndi maola 12 chaka chonse. M'tenti ya masentimita 140, mukachotsapo msinkhu wa mphika, nyali ndi mpata wofunika pakati pa nyali ndi masamba, mumatsala ndi malo osafika masentimita 80, ndipo mtengo wotere udzagunda nyali musanaone duwa limodzi lokhwima. Kwa woyamba ndi bwino mtundu waufupi wa indica, kapena wa autoflower umene umayamba maluwa wokha ukafika msinkhu wake popanda kusinthira maola, ndipo umenewu mukhoza kuusiya pa maola 18 kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza.

Ngati mbewu yanu si autoflower, mdima ndi wofunika ngati nyali yomwe. Pa maola 12 a mdima pasalowe kuwala ngakhale pang'ono, chifukwa mtengo ukamasokonezedwa ukhoza kubwerera ku masamba kapena kutulutsa maluwa aamuna, n'kudzaza njere. Tsiku lina masana lowetsani mutu m'tenti nyali itazima, mudikire mphindi zingapo kuti maso azolowere, ndipo paliponse pamene pakuoneka kadontho ka kuwala, makamaka pa zipi ndi polowera mawaya, mumatepo tepi yakuda.

Ndiwonjezere za malamulo, popeza tonse ndife alendo m'dziko lino. Chimene khoti la Constitutional Court linagamula mu September 2018, komanso lamulo la Cannabis for Private Purposes Act limene Pulezidenti Ramaphosa anasaina mu May 2024, ndi za munthu wamkulu wolima ndi kugwiritsa ntchito yekha pamalo ake. Kugulitsa ndi mlandu, ngakhale kwa mnzanu wa pakhomo. Kwathu ku Malawi lamulo la 2020 linangotsegulira chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, choncho musadzayerekeze kunyamula kanthu, ngakhale njere, podzadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza.

Wa ku Nkhotakota analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo, mwandigwira pang'ono, chifukwa maganizo amenewo ndinali nawo, koma mbewu imene ndabzalayi ndi ya indica, si autoflower. Ndasankha LED yoyera ya mawatsi enieni 100 yokhala ndi kabatani kochepetsera kuwala. Chatsala n'chakuti, magetsi akazima maola awiri kapena anayi monga zimachitikira kuno nthawi zina, kodi mtengowo uwonongeka?

Mmisiri wa magetsi ku Germiston analemba kuti:

Magetsi akazima pa nthawi imene nyali imayenera kuyaka, mtengo umangochedwa kukula pang'ono ngati mmene zimakhalira tsiku la mitambo, ndipo pa nthawi ya masamba kanyali kotchaja kopachikidwa m'tenti kangathandize kuti usaganize kuti usiku watalika. Choopsa chenicheni chili pa taimala, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake. Zotsika mtengo zija zokhala ndi gudumu ndi timano tokanikiza zimaima magetsi akazima, ndipo akabwera zimapitiriza pamene zinalekera, moti pakatha mlungu umodzi nyali imakhala ikuyaka pa nthawi imene inu mukuganiza kuti ndi ya mdima. Gulani taimala ya manambala yokhala ndi batire mkati, muilumikize molunjika pa soketi ya kukhoma osati pa adaputala yodzaza kale ndi ketulo ndi hita, ndipo mawaya onse muwapachike m'mwamba kutali ndi pamene mumathirira madzi.