Kabati ya RFID ku fiyeta: alipo anayigwiritsapo ntchito?

Anzanga ogwira ntchito ku fiyeta, ndithandizeni maganizo. Zipangizo zodula monga zitsulo zoika m'chiuno, ma stent (timapaipi totsegula mitsempha ya magazi) ndi ulusi wosokera timazilembabe pamanja m'kaundula. Opaleshoni ikafika povuta namwino sapeza mpata wolemba, ndiye zina zimatha mphamvu zili pashelefu. Zimandiwawa, poti ndalama zakezo zikanathandiza odwala ena.

Tikuganiza zogula kabati ya RFID, yomwe imawerenga yokha, kudzera m'mafunde a wailesi, kachizindikiro komatidwa pa chilichonse chotulutsidwa n'kuchenjeza tsiku lothera ntchito likayandikira. Kodi imaposadi barcode, timizere tija timasikanidwa ndi makina? Zitsulo ndi madzi zimasokoneza RFID, nanga inu mumatani ndi zokutidwa m'mapaketi a aluminiyamu? Chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti magetsi kapena netiweki zikathima wodwala ali patebulo, kabatiyo imatsegukabe?