Mutu ukuwawa akaimirira, akagona ukuleka: shunt yatseka kapena ikukoka madzi mopitirira?

NaBanda, namwino ku Mufakose, mu Harare: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi mnyamata wa zaka 7 amene anamuika shunt, chubu chotulutsa madzi ochuluka mu ubongo kupita m'mimba, ali wakhanda. Akakhala tsonga m'kalasi mutu umamuwawa, pofika masana amasanza, koma akagona chagada kwa kanthawi amatsitsimuka. Thupi silikutentha. CT, chithunzi cha mkati mwa mutu, yaonetsa zipinda za madzi mu ubongo zazing'ono kwambiri, ndiye ena akuti shunt ili bwino, apite kwawo ndi Panado. Mtima wanga ukukana.

A Phiri: Musamutulutse, achemwali. Mutu wa mwana amene shunt yake yatseka kawirikawiri umawawa kwambiri akagona ndi m'mamawa. Uwu woleka akagona ukuloza kuti madzi akutuluka mopitirira. Mwana akaimirira, chubu chochokera kumutu kupita m'mimba chimakoka ngati paipi yokokera petulo m'thanki. Ubongo umapanga madzi pafupifupi 20 ml pa ola, ndipo chubucho chikhoza kutulutsa oposa pamenepo.

A Dokotala Mwale: A Phiri anena zoona, koma zipinda zazing'onozo zisakupusitseni. Zikafota, makoma ake amakanikiza nsonga ya chubu n'kuitseka, mphamvu ya madzi m'mutu imakwera, kenako chubu chimatsegukanso. Ndiyo slit ventricle syndrome, ndipo mwana akhoza kudwalika CT ikuonetsa zipinda zomwezomwezo. Muonenso m'mphepete mwa ubongo. Ukafota umasiyana ndi chigaza, timitsempha tolumikiza timaduka, magazi n'kuundana pamenepo, ngakhale atangogunda mutu pang'ono posewera. Valavu yake, kachipangizo ka pa chubu kolamulira kutuluka kwa madzi, ndi yanji? Pali amene amaidina kunyumba?

NaBanda: Zikomo adokotala. Khadi lake likuti Chhabra. Ndafunsa agogo ake, akuti mutu ukangoyamba amadina kabatani kuseri kwa khutu kambirimbiri kuti madzi ayende. Pa CT ndikuona kamzere ka madzi kumanzere, pansi pa chigaza.

A Dokotala Mwale: Agogowo muwauze mwaulemu kuti asiye lero lomwe, kudinako kukuwonjezera vuto. Chhabra ndi yotsika mtengo ndipo yathandiza ana ambiri mu Africa muno, koma mphamvu yake ndi yokhazikika, sitingaisinthe ndi maginito monga mavalavu a Strata kapena Codman Hakim. Mutumizeni kwa madokotala a opaleshoni ya ubongo ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa lero, ndi CT yatsopano pamodzi ndi zakale. Iwo ndiwo aone ngati aike valavu yolimba, kachipangizo koletsa kukoka akaimirira, kapena ngati ETV, opaleshoni yoboola njira ina ya madzi mkati mwa ubongo momwemo, ingatheke. Podikira agone chagada, azimwa madzi okwanira. Akayamba kuwodzera, kukomoka, kufooka mbali imodzi kapena maso kupenyera mkati, musadikirenso china.

Mayi Nkhoma, wadi ya ana: Ndiwonjezepo za makanda, chifukwa zimandipweteka mtima. Liwombo likalowa, kuno anthu amati nhova m'Chishona, ena amayamba kupaka mankhwala pamutu ndi kukhula m'kamwa, ife timathamangira kuganiza kutsegula m'mimba. Kwa khanda la shunt, liwombo lolowa kwambiri akamunyamula, mafupa a mutu atakwerana, ndi shunt yokoka. Zikapitirira mafupawo amalumikizana nthawi isanakwane. Muziyeza mutu ndi tepi ulendo uliwonse ndi kulemba pa khadi.

NaBanda: Kalata ndalemba, ambulansi ikubwera. Adokotala, panjira agone wopanda pilo?

A Dokotala Mwale: Eya, koma ngati akusanza mumugoneke cham'mbali.